Ndalama zathu zipite ku chigayo kapena ku ngalande?

Wapampando: Abale anga a ku Nkhotakota okhala kuno ku Mzuzu, Loweruka lija ku Katoto tinabalalika tisanamvane. Ena akuti tigule chigayo cha mpunga, ena akuti tikonze zitseko za ngalande ku sikimu kwathu. Tiyeni timalize nkhaniyi.

Mayi a ku Zolozolo: Ine n'chigayo basi. Achemwali anga amagulitsa Kilombero wosapuntha kwa mavenda pa mtengo wozizira, phindu n'kudyera ena.

Mnyamata wa ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu): Pepani makolo, ndiyankhuleko. Munalowapo m'munda wa mpunga madzi atakhalitsa, n'kuona tithovu tikutuluka pomwe mwaponda? Ndi mpweya wa methane umenewo. Madzi akaphimba nthaka kwa nthawi yaitali, tizilombo tosaoneka ndi maso timaoletsa zinyalala m'matopemo n'kumaupanga, ndipo wambiri umakwera kudzera m'phesi la mpunga weniweniwo. Pa zaka 100, umatenthetsa dziko pafupifupi ka 28 kuposa carbon dioxide. A bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines anapeza njira yochepetsera methane: mumazika paipi ya masentimita 30 yoboolaboola, madzi a m'paipimo akatsika masentimita 15 pansi pa nthaka ndi pomwe mumathiriranso. Methane amachepa kwambiri, madzi amapulumuka mpaka 30 pa 100 alionse. Koma popanda chitseko chotsekeka bwino sizingatheke.

Amalume a ku Chibavi: Mphwanga, sukulu ndi yabwino, koma unapalirapo mpunga iwe? Madzi aja ndi amene amapha udzu. Ukaumitsa puloti, ganyu wopalira alipira ndani? Chaka china madzi anatithawa mpunga ukutulutsa ngala, bambo anga anakolola mankhusu okhaokha. Ndinawaona akufikisa ngala m'manja, osayankhula kanthu. Sindifuna wina adzaone zimenezo chifukwa cha ife a m'tauni.

Mnyamata wa ku Mzuni: Zoona amalume, nthawi ya ngala madzi sachotsedwa ngakhale pang'ono. Ngati udzu wachuluka, mumayamba mwapalira kaye. Chinanso ndi mapesi: kuwakwirira lero mawa n'kulowetsa madzi kumachulukitsa mpweyawu. Akwiriridwe kudakali mwezi wathunthu, aole nthaka ili youma. Urea nayenso asapyole muyeso, chifukwa nthaka ikamauma n'kunyowanso amatulutsa mpweya wina woipa.

Mayi a ku Mchengautuwa: Za mpweyazo ndazimva lero, koma za madzi ndimazidziwa. Puloti ya amayi ili kumapeto kwa ngalande. Akumtunda akadzaza mpaka m'mawondo, ife kumusi nthaka ili ng'aa. Amayi amadzuka usiku ndi tochi kukadikirira madzi, pa msinkhu wawo uja. Zitsekozo zikonzedwe chonde.

Mayi a ku Zolozolo: Nanga chigayo chafera pomwepa?

Wapampando: Ayi mayi, chikhala choyamba chaka chamawa, alembi alembe. Amalume, inu mukupita kumudzi kumapeto a mwezi uno. Mukakhale pansi ndi komiti ya madzi ndi alangizi, mukamve ngati pali alimi ofuna kuyesa paipiyo pa mapuloti awo.

Amalume a ku Chibavi: Ndipita. Koma mnyamatayu tipite limodzi, akalowe yekha m'matope akawaonetse.