Vakyumu pampu yotchipa koma yodalirika, ndigule yotani?

Wamafiriji_Nchalo:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndimakonza mafiriji pa Nchalo pano chaka chachitatu tsopano, ndipo nthawi yonseyi vakyumu (kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi a firiji) ndimapangira kompuresa yakale yomwe ndinazula pa firiji yakufa, mmene anandiphunzitsira abwana anga. Sabata yatha zinandivuta. Mayi ena ogulitsa mafirizesi ndi maheu anandipatsa dipu firiza yawo, ndinasintha kompuresa ndi draya (kasefa koyamwa chinyezi), kuthira gasi wa R134a, inazizira bwinobwino mpaka madzi kuundana. Patapita masiku atatu akundiimbira kuti yasiya, kufika ndapeza kompuresa ikulira koma mkati muli fuu, ukaizimitsa ola limodzi n'kuyatsanso imayamba kuzizira kenako basi yaimanso. Ndi dzuwa la Okutobala kunoli maheu onse anasasa, ndipo mayiwo sanandikalipire, anangoti mwanawe ndimakudalira, mawu amenewo akundisowetsa tulo mpaka lero. Ndasunga kandalama pang'ono ndikufuna ndikwere ku Limbe ndikagule pampu yeniyeni, komanso ndikufuna kuyamba kuika ma eyakoni. Single stage (yokoka mpweya pa siteji imodzi) ikwanira kapena ndilimbike mpaka two stage (yokoka pa masiteji awiri motsatizana)? Nanga za CFM zija, muyeso wa mpweya womwe pampu imakoka pa mphindi, ndiyang'ane yochuluka bwanji?

MadalaBangula:
Mphwanga chimene chakuchitikiracho ndi chinyezi, palibe china. Chinatsalira mu sisitimu, chikafika kumapeto kwa kapilari, kapaipi kopyapyala kodutsa gasi kaja, chimaundana n'kutseka njira ya gasi, ukazimitsa chimasungunuka ndiye firiji imaoneka ngati yachira. Oyilo wa makompuresa a R134a amamwa chinyezi msanga kwambiri, ukasiya mapaipi ali yasa ukukadya nsima wadziputira kale mavuto, makamaka kuno kumtsinje mvula ikamayandikira.

Ntchito ya pampu si kungoyamwa mpweya ayi, imatsitsa presha mpaka madzi a m'mapaipi awire pa kutentha wamba n'kutuluka ngati nthunzi. Presha ya mpweya womwe tikupumawu ndi ma micron 760,000 (micron ndi muyeso wa vakyumu), iwe ukufunika kufika pa 500. Kompuresa yakale siingafike kumeneko ngakhale uisiye usiku wonse, koma geji yako ya buluu yoyezera presha ija imakuonetsa -30 iwe n'kumati zatheka, chonsecho singano imeneyo siisiyanitsa vakyumu yabwino ndi yoipa. Ine ndikuti gula two stage yaing'ono, CFM 3 kapena 4 ikukwanira mafiriji ndi ma eyakoni a split a m'nyumba ndi m'maofesi. Zazikulu za 8 kapena 10 zisiyire a ma cold room. Pa kapilari yopyapyala ngati singano pampu yaikulu siikufulumizitsa kanthu.

Tekinishani_Ngabu:
Madala anena zoona koma pa single stage ndisiyana nawo pang'ono. Ine ndinayambira yomweyo ya Value, ya ku China, mafiriji a mabutcha a pa Ngabu pano ndakonza nayo ambiri palibe anabwerera, bola oyilo akhale watsopano ndipo uipatse nthawi yokwanira. Ngati thumba silikulola usakhale ukudikira two stage uku ukupitiriza ndi kompuresa ija. Kungoti wanena za ma eyakoni ndiye apo inde two stage ndi yabwino, a masiku ano ndi a gasi wa R410A ndi R32, safuna chinyezi ngakhale pang'ono.

Chenjera ndi za kaunjika. Mnzanga anagula Robinair yooneka bwino yochokera ku America, kufika nayo kunyumba kupeza pa kachitsulo kake palembedwa 115V 60Hz, pomwe magetsi athu ndi 230V 50Hz. Werenga kachitsuloko uli mu shopu momwemo, aiyatse uione ikugwira, tseka pakamwa pake umve ngati kulira kukusintha, ndipo usatuluke opanda botolo la oyilo wake.

Mayi_wa_AC_Nsanje:
Achimwene nkhani ya oyiloyo musaitenge mopepuka, ndaona anyamata akuthira wa galimoto kapena wa kompuresa mu pampu yatsopano, miyezi ingapo yayamba kufooka. Imafuna oyilo wake wa vakyumu pampu basi. Yang'anani pa kagalasi ka m'mbali, akayamba kuoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wamwa madzi, mukhuthule pampu ikadali yotentha. Ife titatha namondwe Freddy mu 2023 tinalandira mafiriji omira m'madzi ndi matope, ndinkasintha oyilo pafupifupi firiji iliyonse, ndipo pampu yomwe ili ndi gas ballast, kavalavu kothandiza kuti chinyezi chisakhalire mu oyilo, inandithandiza kwambiri.

Chinanso sankhani yokhala ndi valavu yotseka yokha magetsi akazima, apo ayi oyilo amabwerera m'mapaipi a kasitomala ntchito yonse n'kuyambiranso. Mafiriji atsopano ambiri ndi a R600a, gasi ameneyo amayaka moto, mutulutseni kaye panja pamphepo musanalumikize pampu komanso musanayatse moto wowotcherera. Ndalama ikatsalako gulani micron geji, kwa ine bola pampu yotchipa yokhala ndi geji imeneyo kusiyana ndi pampu ya dzina yopanda choyezera.

Wamafiriji_Nchalo:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Loweruka ndikwera ku Limbe kukafuna two stage ya CFM 3 ndi oyilo wake, geji ndidzagula mwezi wamawa. Firiza ya mayi aja ndikaibwereza ulere, draya wina watsopano. Madala, poti geji sindinagule, pa dipu firiza ngati imeneyi ndiisiye ikukoka mphindi zingati, ndipo ndikokere mbali zonse ziwiri kapena pa paipi yothirira gasi pokha?