Tiyi wa pu-erh wa 2005 akununkha chinyontho: kodi wawonongeka?

Kapu Yaying'ono:
Mlamu wanga wanditumizira kuchokera ku Guangzhou, mzinda wa ku China, chidutswa cha tiyi wa pu-erh (tiyi wa ku China amene amasungidwa zaka zambiri kuti akhwime) wa mtundu wa sheng (womusiya kuti akhwime yekha pang'onopang'ono), ndipo pepala lake likusonyeza chaka cha 2005 ndi nambala 7542. Nditamuthira madzi owira, anatulutsa fungo longa la m'nyumba imene yakhala yotseka dzinja lonse, ndipo kapu yoyamba inali ndi khambi. Kodi ndimutaye, kapena ndi mmene amakhalira?

Masamba Akale:
Musafulumire kutaya, achimwene. Nambalayo ndi ya fakitale ya ku Menghai, m'chigawo cha Yunnan ku China: 75 ikuimira 1975, chaka chimene anakhazikitsa kasakanizidwe ka masamba a tiyi ameneyu, 4 ndi giredi ya masamba, ndipo 2 ndi chizindikiro cha fakitaleyo. Fungo limene mukunenali nthawi zambiri limachokera kumene tiyiyo anasungidwa. Ku Guangzhou ndi ku Hong Kong kuli chinyontho chambiri, motero tiyi amakhwima msanga, madzi ake amafiira, ndipo amatenga fungo la matabwa akale, pamene wosungidwa ku Kunming, mzinda wa ku Yunnan kumene mpweya ndi wouma, amachedwa kusintha. Mubenthule tizidutswa, mutisiye m'mbale yadothi kwa masabata awiri kuti tipume. Mukaona nkhungu yobiriwira kapena yakuda pamasamba, pamenepo mutaye ndithu.

Mayi wa Ketulo:
Ine ndikukayikira kaphikidwe kanu. Ambirife tinazolowera tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, woviika nthawi yaitali n'kuthiramo shuga ndi mkaka, koma uyu safuna zimenezo. Tengani magalamu 6 pa mamililita 100 a madzi owira, mutsuke masambawo kawiri n'kutaya madziwo, kenaka muziviika masekondi khumi okha n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Masamba omwewo amatha kupirira maulendo oposa khumi, ndipo kwa ine kapu yachinayi ndi yachisanu ndi zimene zimanena zoona. Mukameza, dikirani musanamwenso, chifukwa kuwawa kwa tiyi wabwino kumasanduka kutsekemera kummero, kumene Atchaina amati huigan. Kuwawa kukakakamira palilime, kummero n'kumauma, tiyiyo ndi wachabechabe ngakhale atakhala ndi zaka zingati.

Kapu Yaying'ono:
Zikomo nonse. Nkhungu palibe, ndipo ndikuvomera kuti ndinaviika mphindi zisanu. Ndamuika kale m'mbale. Ndidzamulawanso pakatha masabata awiriwo.