Ndithandizeni za aluminiyamu wa ku Iceland

Akuluakulu, ndikukonzera ana a Fomu 3 phunziro la jogalafe lokhudza Iceland, chilumba cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, chomwe anthu ake safika ngakhale theka la miliyoni. Za nsomba ndi alendo odzaona malo ndazimvetsa. Chandivuta ndi aluminiyamu. Dzikoli lilibe migodi ya bauxite (miyala yomwe aluminiyamu amachokeramo), koma lili ndi mafakitale osungunula chitsulochi, monga ya m'tauni ya Reyðarfjörður yomwe imadalira magetsi a damu la Kárahnjúkar. Zopangira zonse zimabwera pa sitima kuchokera kutali. Kodi kutchipa kwa magetsi a m'mitsinje ndi a nthunzi yapansi panthaka kokhako n'kokwanira kubweza ndalama zonyamulira? Nanga phindu lalikulu limatsala m'dzikomo kapena limapita ndi makampani akunja, eni mafakitalewo? Amene munaphunzira zachuma, chonde ndifotokozereni mosavuta, anawa amafunsa kwambiri.