Ndiyambe ndi webusaiti kapena foni? Ndikufuna kugulitsa kachewere pa intaneti

Mwana_wa_Lizulu:
Moni nonse. Ine ndili ku Lizulu kuno, makolo anga amalima kachewere ndi kabichi ndipo chaka ndi chaka timangogulitsa kwa mavenda obwera ndi malole, mtengo amatchula okha ife nkungovomera poti katundu akakhalitsa awola. Zimandiwawa kwabasi. Ndiye ndikufuna ndizipeza ndekha makasitomala ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amalesitilanti ndi okazinga tchipisi aja. Kandalama kamene ndasunga kangokwana chinthu chimodzi, mwina ndilipire mnyamata wina andipangire webusaiti kapena ndigule foni ya kamera yabwino poti yangayi zithunzi zimatuluka mbuu. Ndiyambe chiti? Nanga foni yogwirapo kale ntchito ndingaigule bwanji osapusitsidwa?

Mayi_wa_tomato_Bembeke:
Gulani foni achimwene, musachedwe nazo. Ine tomato ndimagulitsa pa WhatsApp Business, ndi yaulere, mumaikamo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, m'mawa uliwonse ndimajambula zomwe ndathyola nkuika pa sitetasi basi. Wokazinga tchipisi satsegula webusaiti ayi, iye amafuna aone thumba, afunse zingati, mumuyankhe pompo. Koma ntchito yeniyeni ili pa mayendedwe. Mwayi wanu Lizulu ili pa M1 penipeni, pezani dalaivala mmodzi wokhulupirika woti muzimupatsira katundu, ndipo kasitomala watsopano azitumiza kaye theka pa Airtel Money kapena Mpamba inayo amalize katundu akafika. Ndalamayo muziiona nokha mu akaunti, meseji yokha musaikhulupirire, ine wina anandinamizapo ndi meseji yabodza mabokosi awiri anapita choncho. China, sankhani zikuluzikulu pazokha, a tchipisi amafuna zimenezo, musaike zazikulu pamwamba tating'ono pansi, munthu mukamutero kamodzi sabweranso.

Webu_Dedza_Boma:
Ine ntchito yanga ndi yomweyi yopanga mawebusaiti koma ndigwirizana ndi mayiwa, dikirani kaye. Anthu ambiri amayesa webusaiti umalipira kamodzi nkuthana nazo, ayi ndithu, dzina lake lija domain mumalipira chaka chilichonse, hosting, malo osungirako webusaitiyo pa intaneti, nayonso chimodzimodzi ndipo ambiri timaigula kunja ndi madola, ndiye mukumbuke kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 makasitomala anga ena anangoisiya webusaiti kufa. Mudzaifuna mukayamba kufikira mahotela ndi masukulu ogonera konko, amene amafuna kotesheni ndi invoisi, koma ngakhale pamenepo choyamba ndi kulembetsa bizinesi kwa Registrar General ndi kutenga TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA. Ikadzafika nthawiyo domain ilembedwe m'dzina lanu, kaya ndi .mw kaya .com, pasiwedi musunge inuyo. Ndinathandizapo bambo ena amene wowapangira analembetsa zonse m'dzina lake kenako nkusowa, tinachita kuyambiranso. Ndipo ikhale yopepuka, tsamba limodzi, zithunzi zochepa, mitengo ndi batani la WhatsApp. Zovinavina zija zimangomaliza bandulo ya anthu, netiweki ikafooka sizitseguka nkomwe.

Wokonza_mafoni_Ntcheu:
Za foni amwene, osatumiza ndalama kwa munthu wa pa Facebook musanaigwire m'manja, olo mtengo uzizire bwanji. Mukakumana imbani *#06# muone IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ngati ikufanana ndi ya pa bokosi kapena risiti. Lowetsani simu ya TNM ndi ya Airtel zonse muyimbe. Mwiniwake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, apo ayi mukadzaifufuta idzakufunsani pasiwedi yake ndipo mudzabwera nayo kwa ife itatsekeka, zoterezi kawirikawiri zimakhala zobedwa. Jambulani nayo panja padzuwa ndi m'nyumba, ikani pa tchaja muone ngati batire ikukwera bwino osatentha. Kunenerera nenererani ndithu, galasi likakhala losintha mtengo utsike.

Tsangano_Turnoff:
Zonse zoona koma sitetasi amaiona okhawo amene munasungirana manambala, ndiye makasitomala atsopano achokera kuti? Tsegulaninso peji ya Facebook, muziponya m'magulu ogulitsirana malonda a ku Lilongwe. Komanso tsiku limodzi kwerani basi mukayende nokha pa ziwaya ndi kachidebe ka sampulo, mutenge manambala awo, munthu amene wakuonani nkhope savuta kutumiza theka lija.

Mwana_wa_Lizulu:
Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Foni ndikagula Loweruka ku Lilongwe ndipo nditengeratu sampulo ndidzere pa ziwaya. Amayi a ku Bembeke, katundu akaonongeka panjira mumatani, amalipira ndi dalaivala kapena mumaluza ndinu? Ndi chokhacho chimene bambo anga akundifunsa.