Sola yosindikiza pa pulasitiki ija amaipanga bwanji?

Wamasola_KamuzuRoad:
Abale ndithandizeni. Ine ntchito yanga ndi yoika masola m'nyumba kuno ku Salima ndipo mapanelo onse amene ndimagwira ndi a silicon, agalasi olemera aja, mtundu womwewo uli mbwee ku Nanjoka pamalo opangira magetsi a dzuwa a ma megawatt 60 paja. Koma pa YouTube ndaona sola ina akuti organic, ikutuluka m'makina ili pa mpukutu wa pulasitiki munthu nkumaipinda ndi manja osathyoka. Chimene amapakapo ndi chani kwenikweni? Ndipo ngati kuli kupaka chabe bwanji osapanga konkuno, asodzi a ku Senga Bay akuvutika kutchaja mabatire a nyali za usipa pomwe chinthu chopepuka chonchi ungangochiyala pa boti basi.

Mphunzitsi_waKK:
Achimwene chopakacho ndi inki ya mankhwala a carbon, mitundu iwiri yosakaniza. Wina amati donor, dzuwa likamuwomba amataya ma electron, winayo acceptor ndi amene amawalandira. Kale ankakonda P3HT (donor) ndi PCBM (acceptor), kuchokera 2019 zatchuka ndi PM6 (donor) ndi Y6 (acceptor). Amazisungunula mu chloroform kapena chlorobenzene ndiye inki ija.

Mu labu amadontheza pa kagalasi kakang'ono nkukazunguliza mwaliwiro, spin coating, inki yambiri imangomwazikira kumbali nkutayika, ndiye fakitale singayendere zimenezo. Kufakitale pulasitiki ya PET, mtundu wa mabotolo a madzi akumwa uja, imayenda kuchoka pa mpukutu wina kupita pa unzake, pamwamba pali chitsulo chokhala ndi kamng'alu kotulutsa inki mofanana mulifupi monse, slot-die, kenako imalowa mu uvuni kukauma. Ndipo si kamodzi ayi, pansi pamakhala ITO yodutsa kuwala koma yotenga magetsi, kenako zinc oxide, inki yathu ija, PEDOT:PSS yomwe ndi pulasitiki yotenga magetsi, pamwamba siliva.

Tsono pamene pagona nkhani ndi poumapo. Kagawo kogwira dzuwako ndi ma nanometer 100 okha (mu milimita imodzi muli ma nanometer miliyoni imodzi), tsitsi lanu ndi lonenepa kambirimbiri kuposa pamenepo, ndipo mkati mwakemo mankhwala awiri aja ayenera kupatukana pang'ono chabe, timagulu ta ma nanometer 10 mpaka 20, chifukwa mphamvu ya dzuwa ija ikayenda kuposa apo isanakumane ndi acceptor imangofera m'njira. Ikauma msanga zimakhala zosakanikirana kwambiri magetsi kusowa njira yotulukira, ikachedwa timagulu tija timakula mopitirira. Zili ngati kuzira pansi, dothi ndi lomwelo koma dzanja ndi kaumidwe ndi zimene zimanena ngati pang'ambike kapena ayi. Ndi chifukwa chake amathiramo timankhwala tochedwetsa kuuma komanso kuiwotcha pang'ono, madigiri 100 kapena kuposera apo, osafika popinditsa PET. Yerekezani ndi silicon amene amasungunuka pa madigiri 1414.

Mwana_wa_Chemistry:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, ndingowonjezera kuti si onse amapaka inki. Heliatek ya ku Dresden ku Germany imatenthetsa mankhwala m'chipinda chopopedwa mpweya wonse, nthunzi yake nkukamata pa pulasitiki. Komanso achimwene a masola musatengeke ndi 19 kapena 20 peresenti ya mphamvu ya dzuwa yosanduka magetsi imene mumaiona pa intaneti, imeneyo ndi ya kaselo kochepa kuposa chikhadabo, kopangidwa m'bokosi la nitrogen. Mukakuza pa mpukutu nambala imatsika ndithu, kafumbi kamodzi kokha kamaboola kagawo kaja nkupanga shoti. Ndiye ganizani fumbi la Salima mu Okotobala. Ndipo chlorobenzene ndi poizoni, akatswiri akulimbana kusinthira ku zina ngati xylene koma ukasintha chosungunulira kaumidwe konse kamasinthanso uyambirenso kuyesa. Kampani ya Konarka ku America inali ndi makina akuluakulu osindikizira koma inagwa mu 2012.

Wamasola_KamuzuRoad:
Eee ndiye si masewera. Koma za kunyanja zija bwanji, ikhoza kupirira?

Mphunzitsi_waKK:
Apo ndi pamene ndikukayika kwambiri achimwene. Adani ake ndi chinyezi, oxygen ndi kuwala kwa UV, zonsezi kunyanja nzosasowa. Pulasitiki wamba imalowetsa nthunzi ya madzi ndiye amaitsekera pakati pa mapepala apadera otchinga chinyezi, ndipo amenewo ndi odula, komanso m'mphepete ndi pamene patulukira mawaya ndi pomwe madzi amayambira kulowa. Panelo ya silicon yabwino amakulonjezani zaka 25, iyi sinafike pamenepo. Gulu la Frederik Krebs la ku Denmark linapangapo tinyali ta sola yosindikiza chonchi nkukatiyesa kwa anansi athu ku Zambia, ndiye maganizo anuwa ena anawaganizapo kale ndipo ine ndimawakonda, chifukwa pa kuwala kochepa ngati m'nyumba kapena kukachita mitambo sola imeneyi imayesetsa ndithu. Koma kwa msodzi lero ndingati panelo ya silicon ikhale kumtunda, mabatire azitchaja masana.

Mayi_a_usipa_Chikombe:
Bambo a masola, ife mabatire a amuna anga timalipira kutchajitsa tsiku ndi tsiku. Ya pulasitikiyo ikadzakhwima mudzatiuze, panopa tandiuzani panelo yagalasi yokwana mabatire awiri ndi ma watts angati ndipo mungabwere liti kudzaona denga.