Piyano ya Tadala

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Aphunzitsi ake a Tadala ati piyano ija atisungira mpaka Lachisanu basi. Tikapanda kupereka theka, agulitsa kwa wina.

Chisomo: Mwa anthu 9 omwe tinavomera, apereka ndi 4. Maina sinditchula, aliyense akudzidziwa yekha.

Amalume: Ine ndinanena kale. Mwana aphunzire ntchito yooneka. Zoimbazi zimathera m'mabala.

Mayi aang'ono: Achimwene, tsiku lija munavomera tonse tikumva.

Amalume: Ndinavomera za sukulu, osati za m'mabala.

Thoko: Amalume, Nina Simone yemwe simutichotsera m'galimoto mwanu uja mukudziwa kuti anayambira kuti kuimba? M'bala, ku Atlantic City ku America, mu 1954. Analembedwa kuti aziliza piyano basi, mwini bala nkumuuza kuti akafuna ntchito aziimbanso pakamwa.

Amalume: Ndi zomwe ndikunenazo! M'bala!

Thoko: Dikirani kaye. Iye maloto ake anali oimba nyimbo za Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, m'maholo akuluakulu. Anaphunzirako kusukulu ya zoimba ya Juilliard ku New York, kenako sukulu ina ya zoimba ya Curtis ku Philadelphia inamukana mu 1951, ndipo mwini wake ankakhulupirira mpaka kale kuti chifukwa chake chinali khungu lake lakuda. Ndalama zitatha ndi pomwe anakalowa m'balamo. Dzina lake lenileni ndi Eunice Waymon. La Nina Simone analitenga pobisalira mayi ake, omwe anali mlaliki wa Methodist.

Mayi aang'ono: Ndiye ngakhale kumeneko kunali wina wodana ndi mabala 😂

Alamu: Pepani ndadutsa pakati. Sipika yanga ija ili kwa ndani? Chichokere Disembala.

Chisomo: Funsani Yamikani.

Alamu: Yamikani sayankha foni.

Chisomo: Pano akuwerenga, mizere yabuluu ndikuiona. Yamikani, sipika ndi gawo lako, zonse ziwiri.

Mayi a Tadala: Musamukakamize. Ena tinazolowera, za denga lija zinatiphunzitsa.

Amalume: Za denga zalowa bwanji pano?

Mayi a Tadala: Sindinatchule munthu, achimwene.

Thoko: Chomwe chimandikhudza ine ndi ichi. Anabadwa mu 1933 ku Tryon, katawuni kakang'ono ku North Carolina, m'banja losauka. Mayi ake ankagwiranso ntchito zapakhomo kwa azungu. Ndalama zoti mwanayo aphunzire piyano anasonkha ndi anthu a m'tawunimo, ataona luso lake. Anthu opanda naye ubale. Ife magazi amodzi tatha miyezi itatu.

Mayi aang'ono: Inayi.

Amalume: Nanga analemera nazo? Zoimba zimathera m'mabala, ndabwereza kangati.

Thoko: Apo pokha mwagwirako. Chimbale chake choyamba, Little Girl Blue, anagulitsa umwini wake ndi madola 3,000 okha. Mu 1987 nyimbo imodzi ya m'menemo inatchukanso ku Ulaya chifukwa cha malonda a perefyumu pa TV, zambiri nkudyedwa ndi ena. Koma vuto pamenepo linali pepala lomwe anasaina. Ankapekanso zakezake, monga Mississippi Goddam ya 1964.

Chisomo: Ndiye Tadala asadzasaine kanthu ine ndisanawerenge.

Alamu: Kodi si yemwe anakakhala ku Liberia uja?

Thoko: Yemweyo, mu 1974, Miriam Makeba ndi amene anamukopa. Anamwalira ku France mu 2003, ndipo a Curtis omwe anamukana aja anamupatsa digiri yaulemu kutatsala masiku ochepa kuti amwalire.

Mayi aang'ono: Kudikira munthu afike pakhomo la manda, zamanyazi.

Mayi a Tadala: Abale, Lachisanu. Mbiri tamva, aphunzitsi akufuna ndalama.

Alamu: Langa nditumiza mawa madzulo ndikalandira.

Chisomo: Mawa la sabata yatha lija kapena lina?

Alamu: Iwe Chisomo ulemu.

Chisomo: Pepani alamu. Ndalemba mawa. Mayi aang'ono atumiza pompano, tafika 5. Yamikani wachoka pa intaneti.

Amalume: Ine maganizo anga sanasinthe.

Mayi a Tadala: Tamva achimwene.

Amalume: Chisomo, nambala yake ndi yomwe ija? Ndipo piyanoyo izikakhala kunyumba kwa ndani?