Bambo akunyumba abwera ndi kapepala ka ku kiliniki, ndipite nako kapena ndisiye?

Wobisa dzina:
Moni nonse. A admin mundibise chonde, kuno ku Rosettenville timadziwana tonse. Bambo akunyumba amanyamula katundu wa anthu kuchoka Joni kupita Blantyre, kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo pa boda amagona masiku kudikira mapepala. Ulendo uno atangofika anayamba kudandaula kuti pokodza pakuwotcha, pakabudula wamkati ndinaonanso timafinya. Anapita okha ku kiliniki, anawabaya jakisoni ndi kuwapatsa mapilisi, dzulo ndiye andipatsa kapepala kuti nane ndipite nako. Ndikafunsa akuti ndi dzuwa la ku Tete, sankamwa madzi okwanira. Ine sindikumva kalikonse, komanso ndili ndi pakati pa miyezi 4, ndipo masiku a pasipoti anatha. Ndipite? Nanga PEP amanena uja, mankhwala oteteza ku HIV omwe munthu amamwa atagonana kale, angandithandize?

Anaphiri a ku Turffontein:
Mayi, pitani mawa m'mawa. Dzuwa silitulutsa mafinya. Zimenezo ndi zizindikiro za chinzonono, ndipo kapepalako amapereka kuti amene mumagona naye alandire nawo mankhwala. Kusamva kanthu kusakupusitseni, ife akazi chinzonono ndi chlamydia (matenda enanso opatsirana pogonana) timatha kukhala nazo miyezi osadziwa. Mukapanda kuchira, bambowo muwapatsiranso, ndipo mwana pobadwa chinzonono chimatha kumugwira m'maso. Mukafika muwauze anamwino kuti ndinu woyembekezera, chifukwa mankhwala ena monga doxycycline sapatsa mayi wapakati. Mupemphenso akuyezeni magazi a chindoko. Chimenecho ndiye chondiopsa kwambiri: kachilonda kake sikapweteka, kamauma kokha, munthu n'kuganiza wachira, pomwe chimatha kupha mwana m'mimba. Chikapezeka amabaya penicillin, sabata iliyonse kwa masabata 3. Inu ndi bambo mudikire masiku 7 mutalandira mankhwala nonse awiri musanalowe m'chipinda.

Che Bakili wa pa Park Station:
Kkkk dzuwa la ku Tete lalakwa chiyani abale. Ifenso timayenda msewu womwewo, za pa Musina ndi pa Nyamapanda usiku timaziona. Kondomu ya boma ndi yaulere koma anzathu amati sweeti sadyera m'pepala.

Mayi a Tadala:
Achimwene, munthu ali pamavuto, nthabwala pang'ono. Achemwali, za PEP: amagwira mukayamba kumwa pasanathe maola 72 kuchokera pamene munagonana, ndipo mumamwa masiku 28. Ndi wa HIV yekha, chinzonono sachiza. Ngati bambo anafika masabata apitawo, za usiku woyamba nthawi yadutsa, komabe muwafotokozere anamwino tsiku lomaliza limene munakhalira limodzi, aone okha. Mukayezetse HIV nonse awiri tsopano, kenako mudzabwerezenso pakatha miyezi 3, chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga. Mukapezeka mulibe, funsani za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda HIV amamweratu kuti asaitenge. Amapereka ku makiliniki a boma ngakhale kwa oyembekezera. Ntchito ya bambo siisintha mawa, ulendo wina ukubwera.

Gogo Nachisale:
Mwana wanga, usathamangire kwa asing'anga a mu Hillbrow ogulitsa mizu m'mabotolo aja. Za banja mudzakambirana ndi ankhoswe, koma chipatala kaye.

Wobisa dzina:
Zikomo amayi. Chikundiopsa ndi pasipoti, ndiponso ndimamva kuti pena pageti pamaima anthu obweza alendo.

Anaphiri a ku Turffontein:
Zimachitika m'malo ena, sindikana. Koma mu 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Tengani pasipotiyo momwe iliri, khadi la sikelo ngati munayamba, ndi kapepalako. Akakubwezani pamodzi yesani kwina, ku Esselen Street mu Hillbrow nkhani za matenda opatsirana pogonana anazizolowera. Lawirirani, mzere umatalika.

Wobisa dzina:
Sikelo sindinayambe. Ndipita mawa 6 koloko ndikachite zonse pamodzi. Bambowo ndawauza kuti tikayezetse limodzi HIV, akuti galimoto ikupakira katundu ku Mayfair. Alipo amene anakwanitsa kumukoka mwamuna wokana chonchi? Munatani?